Amayi Anayang'ana Dzuwa ku Phalula

Amayi anga sanali munthu wa zamalotomaloto. Ndiyambire pamenepo, chifukwa anthu akamva nkhani iyi amafulumira kunena kuti aaa, azimayi akumudzi ndi choncho, amangomeza chilichonse. Iyayi. Amayi anali Mkatolika wa mutu wake. Kwathu kwa Mposa, ku Machinga, Akatolika ndife ochepa pakati pa Asilamu, katchalitchi kathu nkakang'ono, ndipo bambo mfumu amabwera mwa apo ndi apo. Amayi ndiwo ankachapa nsalu za paguwa, ndiwonso ankayambitsa kolona pa mphakati, gulu lija la mabanja oyandikana lomwe limakumana m'makomo kudzapemphera. Koma wina akaimirira nkunena kuti walota Amayi Maria atavala zobiriwira, amayi ankamuyankha kuti, "Munakhuta nyemba, anzanga, lero mukagonere mbali ina." Anthu nkuseka, nkhani nkuthera pomwepo.

Ndipo maso anali nawo, abale! Mpunga wa kudambo la Chilwa akaupeta nkuusankha palichero, simukanapezamo kamwala ngakhale kamodzi. Ine mwana wawo, mphunzitsi wovala magalasi, ndinkawapatsa iwowo singano kuti andilowetsere ulusi.

Tinabadwa awiri, ine ndi mchimwene wanga wamng'ono. Bambo anamwalira iye akadali ku pulayimale. Atakula anachita zomwe anyamata akwathu amachita, anakwera basi wa ku Joni. Zaka zoyamba ankaimba foni Lamulungu lililonse amayi akangoweruka kutchalitchi. Kenako kunamveka kuti kumeneko alendo akuthamangitsidwa, tinyumba tawo tikutenthedwa, ndipo foni yake inangoti zii. Tiyese m'mawa, tiyese madzulo, mzungu wa mufoni uja nkumangobwereza zake zomwezo. Anzake ena anabwerako chimanjamanja. Amayi ankawayendera mmodzimmodzi, mpaka kukadikirira pakhomo la mzikiti Lachisanu kuti anyamata akamatuluka awafunse. Wina ati ndinamuona chaka chatha, wina ati anasamukira kutauni ina, wina nkungoyang'ana pansi.

Akanakhala kuti wamwalira, tikanalira, tikanaika, tikanameta, moyo nkupitirira. Koma kusadziwaku kunawadya amayi pang'onopang'ono. Anachita manovena, mapemphero aja a masiku asanu ndi anayi, mpaka mawondo kuda. Anaperekera Misa. Kumwamba kunangoti phee. Ndiye munthu uja ankaseka olota anayamba kufunafuna zizindikiro. Lawi la kandulo likapendekera kummwera, ati likuloza ku Joni. Namzeze akalowa m'tchalitchi, ati uthenga uli panjira. Ine ndinkaphunzitsa ku Balaka, ndipo ndikapita kumudzi nkumva zimenezi ndinkangoti, "Amayi, kandulo yapendekera chifukwa zenera lilibe galasi."

Chaka chimenecho kunabuka nkhani ya ku Phalula. Mayi wina wogulitsa tomato m'mbali mwa msewu waukulu ananena kuti Amayi Maria amamuonekera pa kaphiri kamiyala kuseri kwa mudzi wawo. Ati Loweruka loyamba la mwezi, dzuwa likangopendeka, anthu azisonkhana, azichita kolona, kenako aziyang'ana dzuwa. Wa mtima woyera adzaliona likuvina, ndipo akaliona ndiye kuti chimene wapempha chayankhidwa. Nkhani inayenda m'maminibasi, inawoloka mlatho wa Liwonde, inakafika kwa Mposa.

Tsiku lina Lachisanu ndikuweruka kusukulu ndinapeza amayi ali pakhonde langa ndi kathumba kawo, atamanga chitenje cha mpingo.

"Mawa undiperekeze ku Phalula," anatero, moni tisanamalize nkomwe.

"Kukatani, amayi? Kukagula tomato?"

"Usandiseke, iwe. Ndikufuna ndidziwe ngati mwana wanga ali moyo."

Mungawakanize bwanji amayi anu atanena choncho? Ndinaganiza kuti bola apite, akaone kuti kulibe kanthu, mtima ukhale pansi. M'mawa mwake tinakwera minibasi.

Kunali kutentha kwa Okutobala, kuja miyala imawotcha ngakhale uli ndi nsapato. Anthu anali mbwee, ambiri azimayi, ena atabereka ana odwala, ena atanyamula zigubu za madzi kuti zidalitsike. Mayi wa tomato uja anali wamng'ono thupi, wolankhula motsitsa, ndipo sindinaone kuti ndi wakuba kapena wamisala. Ankakhulupirira zomwe ankanenazo, ndicho chinandiopsa kwambiri. Titamaliza kolona anakweza dzanja nkuti, "Pindani maambulera. Chotsani magalasi. Wophethira ndi wa chikhulupiriro chochepa. Misozi ikamatuluka musaipukute, ndi machimo akutsukika."

Gulu lonse linatukula nkhope. Inenso ndinayesa, ndisanama, koma diso linakana lokha, ndinangoyetsemula nkuwerama. Nditacheuka ndinaona amayi atagwada pamwala wotenthawo, kolona ili m'manja, maso ali tong'o kudzuwa, misozi ikutsikira m'khosi. Ndinawagwira phewa. "Amayi, basi, zakwana." Anandikankha dzanja osandiyang'ana. Uku wina akukuwa kuti likuzungulira, uku wina wagwa, uku nyimbo ya Maria yayamba. Kenako amayi anafuula ndi mawu omwe sindinawamvepo chibadwire.

"Ndaliona! Mayo ine, ndaliona! Laphimbidwa ndi Ukaristia! Ali moyo, mwana wanga ali moyo!"

Ankanena kuti pakati pa dzuwa pabwera kanthu kozungulira, kofanana ndi kamkate koyera kamene timalandira pa Misa, ndipo m'mbali mwake mukuvina mitundu. Azimayi anawazinga, nthungululu zili pakamwa. Pobwerera amayi anagula chimanga chootcha pamsewu nkudya chonse, munthu amene kwa miyezi ankangolawa chakudya. Ankaseka ndi kondakitala. Ndinawaona amayi anga akale atabwerera, ndipo mtima wanga unagawikana. Ndinali ndi mantha, komanso ndinakondwa.

Sipanapite nthawi, bambo mfumu wa parishi yathu ku Balaka analankhula pa Misa. Anati Mpingo sunavomereze za ku Phalula, ndipo wina aliyense asayang'ane dzuwa, adzapweteka maso. Ndinaimbira amayi tsiku lomwelo. Anandiyankha mofatsa kuti, "Ansembe amayamba ndi kukana, mwanawe. Kulikonse komwe Amayi Maria anaonekera, ansembe ankakana kaye." Mawu amenewo sanali awo, anawatola kuphiri kuja. Anapitanso mwezi wotsatira, ndi winawo, osadzeranso kwa ine. Ndipo ine sindinkadziwa kuti kumudzi anayamba kuchita okha. Masana alionse ankapita kuseri kwa nkhokwe, nkugwada, nkufunsa dzuwa za mwana wawo.

Kanthu kozungulira kaja kanasiya kuchoka. Poyamba kankazimirira akalowa m'nyumba. Kenako kanakhazikika. Akayang'ana khoma kali pomwepo, akayang'ana mtengo kali pomwepo, akayang'ana munthu kali pankhope pake. Anakafotokoza pa mphakati. Mukuganiza kuti anzawo anati chiyani? Anagwada! Ati mwalandira mphatso, Ambuye akuyenda patsogolo panu, mukuona Yesu mwa munthu aliyense. Anayamba kuwabweretsera ana otentha thupi kuti awasanjike manja. Amayi anga, amene ankachapa nsalu za paguwa mwakachetechete, anasanduka woyera wa kwa Mposa, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe wa mu mpingo amene anati tiyeni kuchipatala.

Amene anandiimbira foni anali mnansi wathu wa Chisilamu, mayi amene anakula limodzi ndi amayi. Anati, "Aphunzitsi, bwerani mudzaone amayi anu. Dzulo ndawapatsa moni pachitsime, anandizindikira nditalankhula. Ine za mapemphero anu sindizidziwa, koma munthuyu sakuona."

Ndinapita Loweruka lomwelo. Anandilandira bwino, anandiphikira mpunga. Nditangotafuna kamodzi, dzino linakumana ndi mwala. Ndinalavula, ndinatafunanso, mwala wina. Pothira tiyi anathira pambali pa kapu, tiyi nkuyenderera pamphasa, iwo osadziwa. Mtima unandipsa.

"Amayi, ndakweza zala zingati?"

"Usandiyese ngati mwana wa sukulu yako."

"Nenani, zingati?"

"Sindikuona zala. Ndikuona Ambuye."

"Ambuye ake ati? Mwapsa maso, amayi! Azimayi anu a mphakatiwo akuimbirani nyimbo inu mukuchita khungu!"

Amayi anati, "Ukandichotsera chimenechi, nditsala ndi chiyani?"

Ndinalongedza kathumba kawo ndekha. Azimayi awiri a mphakati anabwera kudzandiletsa, ati aphunzitsi, sukulu isakupangitseni kulimbana ndi Mulungu. Ndinawauza kuti akafuna mphatsoyo dzuwa ndi ilo, silinabisale, apite akalitenge okha. Anachoka akupukusa mitu. Mpaka lero ena sandipatsa moni, ndipo sindidandaula.

Kuchipatala komwe kuli odziwa za maso anawathira mankhwala m'maso, nkuwaunika ndi makina kwa nthawi yaitali. Dokotala anali munthu waulemu. Anafunsa kuti, "Mayi, munayang'anapo dzuwa?" Amayi anavomera monyadira. Iye anapumira m'mwamba nkutiuza kuti si oyamba kubwera ndi vuto limeneli. Anati mkati mwa diso, kumbuyo, muli kamalo kakang'ono komwe timaonera nkhope za anthu ndi zilembo, ndipo kamaloko kapsa m'maso onse awiri. Ena amachirako akasiya msanga, koma apa papsa mobwerezabwereza. Magalasi sangathandize, opaleshoni palibe. Cham'mbali aziona ndithu, aziyenda okha, koma chilichonse chimene alunjikitsapo maso chizibisika. Anawaphunzitsa kuti akafuna kuona munthu azitembenuzira nkhope kumbali, azimuonera m'ngodya ya diso. Amayi anayesa pa ine. Anayang'ana kukhoma, nkuti, "Eee, ndakuona, wavala zofiira." Nkhope yanga sanaitchule.

Mu minibasi pobwerera ku Balaka tinawoloka Shire. Kenako amayi anafunsa motsitsa, osatembenuka.

"Ndiye kuti si Ukaristia?"

"Iyayi, amayi. Ndi chipsera."

Anapukusa kolona m'manja. "Ndiye kuti sindikudziwa ngati ali moyo."

Ndikunena zoona, tsiku limenelo ndinalakalaka ndikanawasiya ndi bodza lawo. Ndinapita nawo kuchipatala ali ndi maso akufa koma mtima wamoyo, ndinabwera nawo alibe zonse ziwiri. Ndinalira mu minibasi muja anthu akundiyang'ana, ndipo amayi ndiwo ankandisisita pamsana.

Anakana kukhala nane ku Balaka, ati m'tauni adzagundidwa ndi njinga za kabaza. Anabwerera kwa Mposa. Anasiya kusanjika ana manja, anasiya kupita kuseri kwa nkhokwe. Nsalu za paguwa anapatsa wina, chifukwa sankaonanso pomwe pali dothi. Kutchalitchi ankapitabe, kolona ankachitabe, koma ngati munthu wolima munda wa eni. Ine ndinkalowa m'tchalitchi ku Balaka nkukhala kumbuyo, mkwiyo uli tho. Ndinkayang'ana chifanizo cha Amayi Maria nkumati, inu munataya mwana wanu mu Yerusalemu, munamufunafuna, munamupeza. Mayi uyu anangokufunsani funso limodzi. Mukanangomutumizira munthu wodutsa ndi njinga kuti amuuze, chikanavuta nchiyani? Yankho sindinalimve, ndipo sindinalimvebe.

Mvula inagwa, tinakolola, inagwanso ina. Tsiku lina ndili m'kalasi foni inalira, nambala yachilendo ya kunja. Nditayankha ndinamva, "Achemwali, ndine." Ndinakhala pa desiki la mwana. Anali mchimwene wanga. Anati nthawi ya chipwirikiti ija anathawa opanda kanthu, kenako anamugwira chifukwa cha mapepala nkumutsekera. Atatuluka analibe ntchito, analibe pogona, ndipo anachita manyazi kuimba ali wosauka chotero. Ati ndinkafuna ndiyambe ndapeza kenakake. Tsopano anali ndi ntchito pagalaja, mkazi ndi mwana wakhanda, ndipo ankabwera kudzakonzetsa pasipoti.

"Manyazi?" ndinakuwa ana akumva. "Manyazi, iwe? Ukudziwa zimene..." Ndinadzigwira. Ndinaona kuti amayi ndiwo ayenera kumva kaye.

Nditapita kwa Mposa nkuwauza, anagwa pansi nkukumbatira miyendo yanga. Analira, anaseka, anaimba. Atatopa anandikoka pafupi nkundigwira dzanja mwamphamvu.

"Usamuuze za maso."

"Aona yekha, amayi."

"Aona kuti ndakalamba, basi. Za dzuwa usamuuze. Mwanayu wavutika kale. Akadziwa kuti ndinapsa chifukwa chofuna iye, adzayenda nazo bwanji? Lumbira."

Ndinakana, ndinakalipa, ndinati ayenera kudziwa mtengo wa manyazi akewo. Sanandisiye dzanja mpaka ndinalonjeza.

Azimayi a mphakati atamva, eee, kunali chikondwerero. "Sitinanene? Chizindikiro chija chinali choona! Dzuwa silinaname!" Mmodzi anachita kundiyang'ana m'maso nkuti, "Aphunzitsi, mwaona mphamvu ya Amayi Maria?" Ndikanayankha tsiku limenelo bwenzi nkhani itafika kwa bambo mfumu.

Mchimwene wanga anafika masana, pa njinga yamoto, chikwama chili pamsana. Amayi anali atakhala pamphasa pansi pa mtengo wa mango. Iye anatsika, anayenda pang'onopang'ono, nkugwada patsogolo pawo. Amayi anachita zomwe dokotala anawaphunzitsa. Anatembenuzira nkhope kumbali, kuloza kunkhokwe, kuti amuonere m'ngodya ya diso.

Mchimwene wanga anaona amayi ake akumufulatira. Nkhope yake inagwa. Anayamba kulira ngati kamwana.

"Amayi, ndikudziwa ndinalakwa. Ndikalipireni, ndimenyeni, koma musandikane. Chonde ndiyang'aneni."

"Ndikukuyang'ana, bambo anga."

"Iyayi, mukuyang'ana kumbali. Ndiyang'aneni kuno, amayi."

Ine ndinatsegula pakamwa. Amayi anakweza dzanja pang'ono, ndinadziwa kuti akuletsa ine. Kenako anatembenuka, analunjikitsa nkhope yawo pa nkhope yake, nkumwetulira.

"Ndi uyu mwana wanga," anatero. "Wabwera."

Iye anagwetsa mutu pamiyendo pawo, mtima wake unakhala pansi. Ine ndekha pabwalo ponsepo ndinkadziwa kuti pamene amayi akumwetulirapo sakuona kanthu.

Anakhala masiku owerengeka chabe, ambiri mwa iwo akuthamangira za pasipoti. Nthawi zonse akakhala pamodzi, amayi ankamulunjika nkhope, osaphonya. Anawaonetsa zithunzi za mdzukulu wawo pafoni, iwo nkumati, "Iii, wokongola bwanji, mphuno ngati ya agogo ake aamuna." Iye nkumaseka, ati zoona amayi, aliyense amatero. Anazindikira kuti maso awo afooka, anawaona akupapasa chikho, nkulonjeza kuti akafika adzatumiza magalasi abwino a ku Joni. Amayi anathokoza. Azimayi a mphakati anamuuza kuti amayi ako anaona chizindikiro chako kumwamba, iye nkungoti Mulungu ndi wamkulu, osafunsa zambiri. Kangapo ndinawapeza amayi akumuyang'ana mobisa ndi ngodya ya diso iye akudya kapena akukonza njinga ya mnansi, koma iye akangotukula mutu, amayi ankabweza nkhope msanga. Ndinawafunsa kuti mwaonako chiyani. Anati, "Malaya oyera, ndi kuti ndi wamtali."

Ndinawachonderera kuseri kwa nyumba. "Amayi, muuzeni. Akhale phee pafupi, mumuone bwinobwino mmene mungathere, mumugwire nkhope. Akapita simudziwa adzabwera liti."

"Ukufuna apite akulira?"

"Nanga inu?"

"Ine ndamumva mawu. Zakwana."

Sizinakwane, ndinkadziwa, iwonso ankadziwa.

Tsiku lonyamuka tinamuperekeza mpaka pamsewu pomwe pamaima njinga zamoto. Anawakumbatira amayi, anandigwira chanza ine, anakwera. Amayi anaimirira chilunjikire komwe kunkamveka injini, akubayibitsa, kuopa kuti angacheuke nkuwapeza atayang'ana kumbali. Anatsitsa dzanja phokoso litatheratu. Fumbi litakhazikika tinatembenuka kubwerera kunyumba, ine nditawagwira mkono. Tinayenda kamtunda. Kenako anaima pakati pa njira.

"Iwe," anatero, "tandiuza. Mwana wanga uja, ali ndi ndevu tsopano?"